Madigiri Makumi Awiri

Madzi a ku Mulunguzi amafika pampopi atazizira ngati chitsulo
mwezi uno wa Juni, kuno ku Matawale.
Ndimawanyengerera ndi a m'ketulo, pang'onopang'ono,
mpaka choyezera chitaima pa madigiri makumi awiri.
Che Likaka, amene anandiphunzitsa ntchitoyi kuseri kwa msika,
ankati mankhwala alibe chibale,
ukawanamiza akuyalutsa pagulu.

Bafa ndiye chipinda changa cha mdima,
bulangete pazenera, thaulo pansi pa chitseko.
Magetsi azimanso lero
ndipo kwa nthawi yoyamba sindikutukwana aliyense.
Zala ndizo maso.
Ndikulunga filimu pakagudumu kake, ikukana, ndiyambiranso,
ndiitsekera m'kachitini kakuda,
kenako ndiyatsa kandulo.

Gawo limodzi la mankhwala, magawo asanu ndi anayi a madzi.
Ndimakoka ndi jakisoni wopanda singano,
mamililita makumi atatu,
ndigwada kuti diso lilingane ndi mzere
chifukwa woimirira amaona zomwe akufuna.
Dontho limodzi lapitirira.
Ndilibweza m'botolo.

Ndathira. Tsopano wotchi.

Theka la mphindi yoyamba dzanja silipuma:
tembenuza, bweza, tembenuza, bweza,
osati mokhutchumula ngati botolo la thobwa,
koma mmene umatembenuzira wodwala pamphasa.
Kenako kugogoda kawiri pasimenti, go, go,
kuti thovu lisakakamire pankhope ya munthu.
Ndiye kudikira.
Mphindi ikakwana, kanayi basi, n'kusiyanso.

Kudikirako ndiko kumandivuta.
Kale Ndaziona ankakhala kunja kwa chitseko ndi wotchi yanga
n'kumakuwa, Ababa, yakwana!
nthawi zina isanakwane, kuti andimve ndikukalipa.
Lero ndikuwerenga ndekha.
Galu wa a Namaona akuuwa njinga yamoto,
mphepo ikutsika m'phiri ndi fungo la paini.

Ukatakasa kwambiri, zoyera zimapserera,
zakuda zimauma mtima, pakati sipatsala kanthu.
Ukalekerera, mankhwala amatopera pamalo amodzi
n'kusiya mikwingwirima ngati misozi pafumbi.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinalera mwana
osadziwa kuti ndili mbali iti.
Mayi ake amati ndinkatakasa kwambiri.
Mwina.

Mphindi yachisanu ndi chiwiri. Tembenuza, bweza. Go, go.

Yachisanu ndi chinayi ikakwana ndikhuthula msanga,
ndithira madzi a viniga kuti ntchito iime pomwepo,
kenako mankhwala okhazikitsa, onunkha ngati kuchipatala,
kenako kutsuka, kutsukanso,
bilu ya madzi tidzakangana mawa.

Nditsegula.
Filimu ikutuluka ikudontha, yoterera ngati mlamba,
ndiipachika ndi chopanira zovala pawaya wa matawulo
n'kuyandikiza kandulo, osati pafupi kwambiri.

Uyo, padepoti ya mabasi, chikwama paphewa.
M'dziko la filimu zonse n'zotembenuka:
nkhope yake yayera, mano ada,
thambo la Zomba lili bii masana,
kondakitala akukoka katundu ngati mzukwa.
Pachithunzi chomaliza watembenuka, dzanja lili m'mwamba,
sindikudziwa ngati akutsazika ine
kapena akuti, Ababa, yakwana.

Pakona pali kadontho koyera, thovu lomwe ndinaliphonya.
Ndilisiya.
Filimu iume kaye, osaikhudza mpaka m'mawa.