Malovu a M'mamawa

Sikisi koloko, kunja ku Sunderland kukadali bii,
ndimadzutsa Moira.
Asanamwe tiyi, asanatsuke m'kamwa,
atafune kaye kathonje.
Amatafuna ali chitsinzinire.
Ndimakatsekera m'kabotolo, ndilembepo ola ndi nambala yake,
47,
kenaka m'firiji, pakati pa batala ndi mazira.
Zaka makumi atatu ndinkakweza zitsulo kudoko
koma sindinanyamulepo katundu wonjenjemeretsa manja
ngati malovu a mkazi wanga.

Dokotala Hepple anatijambulira impso papepala,
pamwamba pake kachipewa.
Akuti kachipewako kamathira m'magazi homoni ya chipwirikiti,
ija imadzutsa munthu nyumba ikamapsa.
Mwa anthu ena belu limangolira, usana, usiku,
moto palibe.
Mankhwala awa mwina angagwire dzanja loliza belulo.
Mwina.
Liwu limeneli analitchula katatu. Ndinawerenga.

Theka la anthu akumwa mankhwala enieni,
theka akumwa ufa woumbidwa mwaluso.
Kompyuta ndiyo inachita maere.
Dokotala sakudziwa, nesi Bronagh sakudziwa,
yankho lagona mu envelopu yomata kwinakwake ku Newcastle.
Usiku wina ndinaba piritsi limodzi, ndinalinyambita
nditaima pasinki ngati mwana wakuba shuga.
Silinandiuze kanthu.
Nditaulula, Bronagh anandilanda botolo n'kuwerenga otsala,
nkhope ili gwa.

Mitundu isanu ya mankhwala inadutsa kale m'nyumba muno.
Wina unamunenepetsa, wina unamuumitsa lilime,
palibe unabweza mkazi uja
ankakangana ndi wailesi uku akusenda mbatata
ya ana mazana awiri a pasukulu.
Tsopano amakhala pampando wa pawindo
osayang'ana panja.

Lachinayi lililonse timakwera basi, tiwoloke mlatho.
Amamufunsa mafunso khumi ndi asanu ndi awiri.
Tulo? Chakudya? Mwalakalakapo kufa sabata ino?
Funso limenelo limandipeza ndili pakhonde,
ndikuwerenga chikwangwani cha kasambidwe ka m'manja.
Ndachiloweza.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi, mvula ya matalala itakata,
anati: Alan, mawindowa ndi akuda bwanji.
Basi, mawu okhawo.
Miyezi khumi ndi inayi asanadandaulepo za chinthu
chimene chili kunja kwa khungu lake.
Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpope mwamphamvu
kuti asandimve.

M'mawa mwake sanadzuke mpaka madzulo.

Bronagh akuti ndisamange nyumba pa tsiku limodzi.
Zotsatira zidzatuluka pakapita zaka ziwiri,
mzere pagalafu, ndipo Moira adzakhala kadontho
pakati pa timadontho tinzake.
Kaya ndi mankhwala, kaya ndi ufa,
kaya ndi dzuwa layamba kuchedwerako kulowa,
ine sindikudziwa.

Ndowa ndi chinsanza ndinatulutsa kale.
Zili kuseri kwa chitseko.
Mawindo sindinatsuke.
Ndikudikira awaonenso.