Zitini Ziwiri za Simenti

Ndinafika ku Cheorwon mimba ili patsogolo,
ngati ndiyo inalandira kalata yoitanira ku usilikali.
Unyamata wanga ndinaudyera pampando,
maso pa kompyuta, dzanja m'mbale ya nkhuku yokazinga.
Masitepe a kwathu ku Mokpo
ndinkawakwera mopumira kawiri.

M'mawa woyamba anatithamangitsa kuzungulira bwalo,
chisanu chikuluma makutu ngati chili ndi mano.
Anzanga anamaliza, ine ndikadali wefuwefu pakona,
jombo zikundikana,
mapapo akulira ngati chitseko cha dzimbiri.
Sajeni Pyo sanakalipe.
Anandiyang'ana mmene kalipentala ayang'anira thabwa lopindika,
nati, Bong-su, madzulo undipeze kuseri kwa khitchini.

Kuseriko kunali paipi yakale yamadzi,
zitini ziwiri za penti zodzaza simenti,
china uku, china uko,
ndi benchi ya miyendo itatu,
wachinayi unali njerwa zosanjikiza.
Pachitini chimodzi wina anakanda dzina lake ndi msomali
chaka chimene ine ndinali ndisanabadwe.

Nyamula, anatero.
Ndinakoka, chitsulo chili phee.
Osati ndi msana, iwe! Kankha dziko ndi zidendene.
Mpweya usunge m'mimba, malo alimo ambiri.
Anaseka yekha.
Koma zitini zinatukuka,
mpata wongokwana chala pakati pa simenti ndi dothi,
ndipo usiku umenewo sindinagone,
mwina ululu, mwina mpata uja.

Matuza anaphulika, anauma,
zikhatho zinakhakhala ngati chikopa cha jombo.
Usiku tinkalondera waya waminga,
maso ku mapiri a tsidya lija, osaloledwa kupondako.
Masana fosholo, chipale chofewa chosatha.
Madzulo zitini.
M'kakope ka m'thumba ndinkalemba:
lero kasanu, lero kasanu ndi kamodzi,
lero ndalephera, phewa lakana.
Tsiku lina lamba anapempha bowo latsopano,
ndinamuboola ndi msomali, osauza munthu.

Paulendo wa makilomita makumi anayi
Jae-gu anabinya bondo potsika phiri.
Chikwama chake ndinachikoleka pachifuwa, changa kumsana,
mpaka kukampu.
Palibe anayamikira.
Sajeni anangondiponyera chokoleti chouma gwa ndi chisanu.

Itakwana miyezi khumi ndi isanu ndi itatu
ndinakanda dzina langa pansi pa dzina la mlendo uja
ndi kukwera basi.

Amayi anali atandibisira.
Bambo, amene ankasenza mabokosi a nsomba padoko
atatuatatu, akuimba mluzu,
ndinawapeza pampando pafupi ndi windo,
mbali imodzi yafa ziwalo, kamwa yapotoka.
Nyumba yathu ili pamwamba, chikepe kulibe.
Kuyambira chilimwe anali asanaponde pansi.

Ndinagwada chowafulatira. Kwerani, bambo.
Anakana ndi dzanja lamoyo lija.
Ndinakhalabe chogwada
mpaka amayi anawakoleka mikono m'khosi mwanga.
Zidendene. Mpweya m'mimba.
Ndinadzuka.

Anali opepuka kuposa zitini,
ndipo zimenezo Sajeni Pyo sanandiphunzitse kunyamula.

Padoko anakhala nthawi yaitali osalankhula,
akununkhiza mchere ndi dizilo,
anzawo akale akuwagwira paphewa
ndi kunditsina mkono, ati ndiwe kanyamata konenepa kaja?

Pobwerera, pamasitepe,
ndinamva mpweya wawo wofunda kukhutu kwanga.
Ankawerenga,
lilime likulemera, manambala akutuluka opunduka,
mmene ankachitira ndili mwana, ine ndili kumsana kwawo.
Pa sitepe ya makumi atatu, pamene ndinkapumira kale,
anati, puma.
Sindinatope, koma ndinaima.