Khobidi la m'Kolala

Ntchito yanga ndi mawotchi,
pakhonde la sitolo ya a Mukhito ku Luchenza,
koma Lachiwiri lija Esinala anafika
ndi kampango komanga mfundo zitatu.
Ati pometula jekete la malemu bambo ake
kuti asokere adzukulu akabudula,
lezala linaluma chitsulo m'kolala.

Ndinavala diso langa lagalasi.
Khobidi loboola ndinaligwirapo ndili mwana,
koma chibowo chake chinali chozungulira.
Ili ndi la ngodya zinayi ngati zenera la kuntini,
zilembo zinayi zitakhala m'mbali mwake,
chilichonse chitapinda miyendo mwa icho chokha.
Mutu wa mfumu palibe.
Chaka palibe.
Ndinalitembenuza kasanu, ine wogulitsa nthawi,
osadziwa ngakhale kumwamba kwake.

Tinawoloka msewu kupita kwa Mayi Sheni,
aja ogulitsa misomali ndi mapaipi.
Anapukuta manja pa epuloni,
nalizungulitsa pang'ono: mwaligwira chadodolido.
Chikhadabo chawo chinayenda:
pamwamba, pansi, kumanja, kumanzere.
Ziwiri zoyambazo, anatero, ndi dzina la ulamuliro,
zinazo zikungoti ndalama yoyenda paliponse.
Kuseri kuli timizere topotana ngati mphanda za dzungu.
Apo anapukusa mutu.
Ndi Chimanchu, chinenero cha eni mpando,
chimatchula ng'anjo imene linasungunulidwira,
koma ngakhale amayi anga sankachiwerenga.

Nanga chaka?
Analemba kuseri kwa lisiti: 1736, kamzere, 1795.
Mwini dzinali anakhala pampando zaka makumi asanu ndi limodzi.
Khobidi lanu lili penapake m'menemo.

Esinala anaseka mpaka kugwira kauntala.
Ndiye ndi mnzawo wa amayi anga!
Iwo anabadwa chaka cha dzombe,
kalaliki wa ku esiteti anangolemba 1 Januwale
kuti mzere uyende.

Koma abodza aliponso, anatero Mayi Sheni,
amawaphika dzulo n'kuwapaka ukalamba.
Ndinakanda ndere yobiriwirayo ndi singano:
sinasuntheko, inamera m'chitsulo momwemo.
Pakati pa zilembo pali timanyerere ta mchenga wa chikombole,
m'mphepete mwasalala ngati mpini wa khasu la mayi wamasiye.
Pasikelo yanga, magalamu anayi.

Esinala anatsitsa mawu.
Kubwera kuno anali atawerenga kale malata m'mutu,
khumi ndi asanu ndi atatu, ndi misomali yake.
Mayi Sheni anayang'ana kumsewu
kumene lole ya tiyi inali kutsokomola.
Anawumba ochuluka ngati masamba ali m'galimotomo.
Mwina lingakugulireni sopo ndi mchere.

Tinakhala chete.
Njanji inali kunyezimira kuseri kwa msika.

Bambowo anapita kunkhondo ya ku Bama,
anasenzanso matumba padoko la Beira,
anabwerako ndi chifuwa ndi mawu ochepa.
Ndani anawapatsa? Anawina pa njuga?
Anasoka okha ulusi wakudawo, wokhotakhota,
nayenda nalo pakhosi zaka zonse zija
m'mizere ya tiyi, m'maliro, m'tchalitchi.
Izo galasi langa silionetsa.

Esinala anapempha kachingwe ka nsapato,
analowetsa pazenera lija pamodzi ndi kiyi wa nyumba,
napinda lisitiyo kanayi.
Minibasi ya ku Thyolo inali kuitana.
Ine ndinabwerera kuwotchi ya aphunzitsi
imene imataya mphindi zitatu patsiku.