Lamulungu pa msika wa ku Huancayo

Mayi Eusebia andizolowera tsopano:
bambo uja wonunkhiza letesi
ngati akugula mankhwala.
Amaseka, amati mbira zawo zimadya chilichonse
kufikira tsiku la mpeni.
Zathu mpeni sizidzauona.
Yesenia anazitcha mayina.

Chaka chatha zinalipo zitatu.
Ndine ndinaponya m'khola masamba a mbatatesi
pobwera kumunda, mtima uli mbee.
Kutacha Pochita anali gone pakona, wozizira,
mwana wanga osalira,
kungondiyang'ana basi.

N'chifukwa chake dzanja langa limachita mantha pathebulo pano.
Anyezi ayi.
Mapeyala, ngakhale atchipe chotani, ayi.
Kabichi katsamba kamodzi, amatupitsa mimba.
Ndatola tsabola wofiira, wosawawa uja,
nkhaka imodzi, masamba a karoti
amene ena akupondaponda pansi,
ndi mtolo wa alifalifa wonyowa ndi mame,
woti ndikauyanike kaye pamthunzi.

M'basi jumbo ndalifungatira ngati khanda.
Ndisanakhudze n'chitseko chomwe
zayamba kale mkatimo,
kwii! kwii!
Zimva mapazi anga.
Zikundikhulupirirabe, zopusazi.