Mkono wa a Zuze

Tepi yoyezera inafika mochedwa ku Makhanga.
Inapeza bambo anga, a Zuze, atasema kale mabwato khumi ndi anayi
osafunsa nambala kwa munthu.
Ankagwada pambali pa thunthu la mtondo,
chigongono apa, nsonga ya chala chapakati apo,
kulemba ndi khala, kusuntha, kulembanso,
ngati mbozi yoyenda pa tsamba la thonje.
Umodzi. Iwiri. Mpaka khumi ndi iwiri.
"Mphuno ya bwato ndi imeneyi. Dula."

Tsiku lina ndinawafunsa:
koma mkonowo ngwa yani?
Wanu ngwautali, wa a Fombe ngwaufupi,
ndipo ku msika wa Bangula amayi ogula nsalu
amazengereza dala, kuyamikira maluwa a chitenje,
kudikira mnyamata wamtali uja abwere kokadya
kuti awayezere ndi iyeyo.
Bambo anaseka mpaka kasemasema kugwa m'manja.
"Bwato limadziwa mkono umene unalisema.
Enawo akakangane kumsika."

Kusukulu a Chakanza anatiuza
kuti mkanganowo sunayambe dzulo.
Ku Iguputo nakonso kuli mtsinje wodzaza ndi kuphwa,
ndipo anthu atatopa ndi mikono yosiyana
anasema umodzi pa mwala kuti usakule, usakalambe,
nalemba mizere pa makwerero otsikira kumadzi
kuti adziwiretu ngati chaka chino adya kapena alira.
Ine ndinasuzumira pansi pa desiki,
mkono wanga woonda, wa zipsera za udzudzu,
osakhulupirira kuti chinthu chakale chotero
ndimayenda nacho m'malaya ong'ambika.

Chaka chimene Ruo anasiya njira yake
nalowa m'mudzi usiku ngati mwini ngongole,
bwato la mikono khumi ndi iwiri lija
linapita ndi kubwera mpaka kucha:
ana, mbuzi, wailesi, mayi woyembekezera.
Madzi ataphwa tinakaima pa khoma la tchalitchi
pamene matope anasiya mzere wawo.
Bambo anayeza: inayi.
Ine ndinayeza: inayi ndi chikhatho.
"Ndiye kuti kwa iwe anasefukira kwambiri,"
anatero, osaseka.

Atamwalira, adzukulu anabwera ndi tepi yachikasu.
Ndinawapempha aibweze m'thumba.
Ndinadula bango kudambo,
ndinaligoneka pambali pawo,
kenako ndinaliyeza ndi mkono wanga, pang'onopang'ono,
chifukwa ndinkafuna ntchitoyo isathe.
Munthu amene anaolotsa mudzi
anakwana mikono inayi, kuperewera zala zitatu.

Lero mwana wanga Nyakuipa
wagunditsa chigongono chake pa changa.
Zala zake zathera pamene ndimamanga wotchi.
Akuti wake ngwabodza, wa pa rula ndiye woona.
Ndamupatsa khala.
Kuseri kwa nyumba kuli thunthu
limene lakhala likudikira kuyambira dzinja.