Chimanga Chosaona Moto

Ndaweruka ya usiku kuchipatala, zikope zikulemera.
Chifunga chakuta Katoto yense,
anyamata a sakaramento akutulukamo mmodzimmodzi, mabelu okha patsogolo.
Pansi pa ambulera yong'ambika
a Nyaluhanga akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha ndowa.
Zaka zisanu ndakhala ndikuima pano.
Lero ndati, "Mundipatse chachiwisi, chosawotcha."
Dzanja lawo laima m'malere.
"Mwagula makala anuanu, asisita?"
Ndaseka, ndalipira, ndalithawa funsolo.

Kunyumba ku Chibavi andidikira patebulo,
wakuda, wamimba ngati mtsuko, chingwe chili lende:
eyafulaya amene Vitumbiko anatumiza pa basi kuchokera ku Joni
atamukulunga m'bulangete,
kapepala atamata pambali: Adada asamapumenso utsi.
Chifuwa chawocho ndinachimvetsera ndekha,
chimalira ngati chitseko cha dzimbiri.
Utsi ukangolowa m'nyumba, amagona chokhala mpaka kucha.

Ndasenda makoko, ndazula ndevu,
ndatsina njere imodzi, mkaka wake watsalira pachikhadabo.
Chatalika, sichikukwana m'kabati kake,
ndachithyolera pabondo.
Madontho atatu a mafuta, kamchere,
ndatseka, ndapotoza kabatani
mpaka mphindi khumi ndi ziwiri.

Ndiye kuwomba kwake!
Mphepo yotentha yotsekeredwa m'kachipinda,
ikuzungulira, kusowa potulukira.
Palibe lawi, palibe wokupiza,
palibe wopukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.
Ine maso ali pa mita ya pakhoma,
mayunitsi akudontha ngati diripu,
chamumtima ndikuti magetsi inu, musatithawe lero.

Ndatsegula kuti nditembenuze. Fungo lapulumuka,
lalowa kuchipinda, lawadzutsa.
Abwera akukoka masilipasi,
chipewa chaubweya chitameza makutu.
"Moto uli kuti?"
"Mulibe moto, adada."
Asuzumira pansi, asuzumira kumbuyo,
munthu amene anawotcha njerwa zaka makumi atatu ku Luwinga
akufunafuna khala limodzi lokha m'pulasitiki.

Kabelu kalira.
Chapsa mofanana mbali zonse, chofiirira ngati uchi,
popanda tsaya lopserera, popanda laliwisi.
Ndapakapo ndimu ndi tsabola.
Akukuta ndi mano a kumanzere, otsalawo,
mzere woyamba, wachiwiri, osayankhula.
"Chikunowa," atero m'chinenero cha kwawo.
Kenako ayang'ana zala, azitembenuza,
kufuna mwaye woti apukutire pathalauzi.
Zala zili mbee.
Apukutabe.

Tsiku lonse sanatsokomole.
Ine ndagona tulo tofa nato.

Madzulo, pobwerera kuntchito,
ndakulunga chidutswa chotsala m'pepala,
ndawapatsa a Nyaluhanga.
Anunkhiza. Aluma.
Atafuna nthawi yaitali, maso ali pa malole opita ku Karonga.
"Chapsa," atero, "koma n'chamanyazi.
Moto sunachikalipirepo ichi."
Afunsa mtengo wa makinawo. Ndawauza.
Awerengera pazala, chimanga chingati, mvula zingati,
zala zatha, aseka,
aseka mpaka kutsokomola.

Kutsokomola kumeneko ndakudziwa.
Ndiko kuja kwa kunyumba, kukadali kwanthete.
Ndafuna kunena, koma pakamwa pandilemera:
mbaula iyi ndiyo fizi, ndiyo lendi, ndiyo sopo.
Ndangoti, "Mudzabwere Lachiwiri, ndidzakumvetsereni chifuwa."
"Pambaula padzakhala ndani?" atero.

Asankha chopserera kwambiri pawaya,
achiika m'khoko, andipatsira m'manja.
"Ichi musalipire.
Mudyere panjira, kwanu asachione."

Ndadya ndikuyenda, mvula yamawawa ikuwaza,
chikundiwotcha zala, phulusa likulowa m'mano.
Pageti la chipatala mlonda wandiyang'ana kawiri,
wandilozera pakamwa pake.
Ndapukuta ndi kuseri kwa dzanja.
Dzanja lili bii.