Kugunda Kasanu ndi Kawiri

Uthenga unatipeza pa Ginnery Corner,
chiperoni chikutilowa m'makolala.
Likisho anavula mahedifoni
nati, "Nansongole watisiya,"
ngati akunena za minibasi yotsiriza ya ku Chilomoni.

Tinali ochepa, achimwene, mukudziwa.
A wailesi ankakukanani:
ati nyimbo yanji ya mphindi makumi awiri,
yoyamba ngati mvula yowaza pa malata
n'kukathera ngati sitima yolowa mu Limbe mabuleki atatha?
Pa ukwati sankakuitanani.
Ovina ankati akaponya phazi
n'kupeza pansi palibe,
poti ng'oma yanu inkagunda kasanu ndi kawiri,
kutsimphina dala.

Koma ife tinkabwera.
Ndaziona, namwino wa ku Kwinzi, yunifolomu ili m'jumbo,
Matiki wowotcherera zitsulo ku Ndirande, maso ali psuu,
ine ndalama ya lendi ili m'sokosi.
Tsiku lija magetsi anathima nyimbo ili pakati
inu simunaleke.
Munakandabe gitala yosalankhulayo mumdima,
ife n'kumang'ung'udza mbali ya kiyibodi ndi pakamwa
mpaka jenereta inatsokomola.

Lero ku manda a HHI kwaya yaimba bwino,
kanayi kanayi, monga mwa mwambo.
Phazi langa limafuna kuonjezera,
ndaliponda ndi linzake.
Alongo anu atiyang'ana malaya akudawa,
ayang'ana tsitsi la Likisho,
natifunsa motsitsa mawu
ngati munatisiyira ngongole.
Ayi, mayi.
Okongola ndife.

Ampu yanu idakali kwa wokonza ku Chirimba,
papepala analemba kuti mudzatenga Lachisanu.
Tasonkha, takaiombola.
Matiki waisenza pamutu kukwera nayo chitunda cha ku Zingwangwa,
osalola kuti wina amulandire,
waikhazika pampando wa alendo.
Ikununkhabe fodya wanu
ndi waya wopserera.

Tapukuta fumbi kaseti yanu yoyamba ija,
yojambulira m'galaja ku Kanjedza,
momwe galu wa eni nyumba amamveka kuuwa
gitala ikangotsika mawu.
Mbali yoyamba imathera pakati pa nyimbo,
tepi inakucheperani.
Tinazolowera: wina amadzuka, kutembenuza,
inu n'kupitiriza pomwe munalekera.

Usiku uno yafika pomwepo, yati tha.
Kunja Soche wabisala mu nkhungu.
Takhala anayi, tiyi wazizira m'makapu,
aliyense akudikira
kuti adzuke mnzake.